Khadi ya 64GB ikaonetsa 59, kodi akuberani?

Ambirife tikagula memori khadi timangokhulupirira nambala yomwe ili pa paketi. Ine ayi. Ntchito yanga ndi yolemba nkhani, ndipo zithunzi ndi mavidiyo a kuntchito ndimasunga pa khadi, choncho khadi iliyonse ndimaiyesa kaye ndisanaikepo kanthu.

Ndimagwiritsa ntchito pulogalamu ya pa Windows yotchedwa H2testw. Imadzaza khadi yonse ndi mafayilo a 1GB iliyonse, kenako n'kuwawerenganso kuti ione ngati zomwe yalemba zidakalipo. Imaonetsanso liwiro la khadiyo.

Mwezi watha mng'ono wanga adagula khadi ya 64GB yoti asungirepo zithunzi za chinkhoswe chake. Titaiyesa pa laputopu yanga, mafayilo aja sadafike n'komwe 60. Mnyamata adadzuka pampando: "Achimwene, anditu andibera 5GB! Ndikabweze?"

Ndidamuuza kuti akhale pansi, palibe wamubera. Nkhani yagona pa kawerengedwe. Kwa opanga makhadi, 1GB ndi ma byte 1,000,000,000. Kwa Windows, 1GB ndi ma byte 1,073,741,824, chifukwa imachulukitsa 1024 katatu. Mukawerenga motero, 64GB imatsika kufika pa 59.6, ndipo 32GB imakhala 29.8. Malo ena pang'ono amapitanso ku kaundula yemwe amasunga dzina la fayilo iliyonse ndi pomwe ili.

Palinso china chodabwitsa. Kafayilo ka mawu awiri okha kamatha kudya 4KB kapena kuposerapo, chifukwa malo osungira adagawidwa m'timagawo tofanana, ndipo fayilo siibwereka theka la gawo. Zili ngati mu minibasi: kachikwama kanu kangachepe bwanji, mukakaika pampando kondakitala akulipiritsani mpando wonse.

Chomwe chimandiopsa ine si nambala yotsika ayi, koma khadi yomwe imaonetsa nambala yokongola pomwe m'kati muli zina. Pali makhadi achinyengo omwe adakonzedwa kuti aziuza foni kuti ndi a 64GB, chonsecho malo ake enieni ndi 8GB mwina. Masiku oyamba zonse zimayenda bwino. Malo enieniwo akadzadza, zomwe mukuikapo zimangotayika kapena kufufuta zakale, koma maina a mafayilo amaonekabe bwinobwino ndi kukula kwake komwe. Mudzadziwa tsiku lomwe mudzafune kutsegula vidiyo ya ukwati kapena chithunzi cha agogo omwe adatisiya, foni n'kukana.

Khadi yotere siipulumuka pa mayesowa: pulogalamu ikayamba kuwerenganso, imanena kuchuluka kwa malo abwino ndi kwa malo abodza. Ndiye mukagula khadi kapena fulashi, iyeseni ikadali yopanda kanthu, risiti ili m'thumba. Zitha kukudyerani ola limodzi kapena awiri, koma chinkhoswe sachibwereza kuti mujambulenso.