ULENDO WA KU MSORO M'DZINJA: GALIMOTO YOSUNGITSA ITASOWA

MSEU wocokera ku Lusaka kupita ku Chipata ndi wa tala kuyambira poyamba kufikira potsiriza, mtunda wa makilomita pafupi-fupi 570, ndipo galimoto iri yonse ingathe kuuyenda. Koma anthu ambiri a m'Cigawo ca Kum'mawa sakhala m'mphepete mwa tala ai. Kwao ndi kumene munthu amapatuka nasiya mseu waukulu kumbuyo, ndi kulowa m'mseu wa dothi umene m'cirimwe uli fumbi lokha-lokha ndipo m'dzinja uli matope. Munthu wobwereka galimoto ya malipiro mu mzinda ayenera kuganizira makilomita otsiriza amenewa asanasaine pepala liri lonse.

Bambo wina wa m'dziko la Mfumu Msoro, amene agwira nchito ya ukalaliki mu Lusaka, anazidziwa bwino zimenezi. Amai ace okalamba anali ndi ng'ala m'maso onse awiri, ndipo madokotala a pa cipatala ca St Francis ku Katete anawapatsa tsiku la opaleshoni, pa Cisanu m'sabata yotsiriza ya Febuluwale. Nkhalamba yosaona siingakwere njinga yamoto. Motero mwana wao anapita ku kampani ina yobwereketsa magalimoto kutatsala masabata awiri, nasungitsa galimoto yaitali, yokoka ndi mawilo onse anai, ya mtundu wa Hilux. Analipira cikole napatsidwa pepala.

Pa Citatu m'mawa anafika pa ofesi ya kampaniyo ndi cikwama cace, thumba la shuga ndi bulangete latsopano la amai. Pabwalo panali magalimoto atatu ang'ono-ang'ono otsukidwa bwino ndi minibasi imodzi. Hilux panalibe.

"Pepani Bambo, amene anaitenga sanaibweze," anatero mai wa pa tebulo mwaulemu. "Anena kuti adzaisunga mpaka mwambo wa Nc'wala utatha. Koma musadandaule, takukonzerani ina yofanana nayo, ndiponso siidya mafuta ambiri."

Mau akuti "kapena ina yofanana nayo" analidi pa pepala la bamboyo, olembedwa pafupi ndi dzina la galimoto. Makampani ambiri a nchito imeneyi salonjeza galimoto imodzi yeni-yeni. Amalonjeza gulu la galimoto, ndipo amalandira maina a anthu poyembekezera kuti amene atenga galimoto lero adzaibweza pa tsiku lace. Mmodzi akacedwa, kapena galimoto ikathyoka cina panjira, wotsatira wace ndiye apeza pabwalo pali pululu. Bvuto limeneli limakula pa nyengo imene anthu ambiri alinga kumodzi. Nc'wala ya Angoni a Mpezeni, imene inayambanso kucitika m'caka ca 1980, imakhala ku Mtenguleni pa Ciweru cotsiriza ca Febuluwale. Kulamba ya Acewa imakhala ku Mkaika kumapeto kwa Ogasiti, nthawi yomwenso alendo a kunja ali pa ulendo wokaona nyama ku Luangwa. M'masabata otere magalimoto olimba amasowa mu Lusaka monga mcere m'nyumba ya maliro.

Koma kufanana kumene mai uja ananena kunali kwa pa tebulo. Galimoto yaing'onoyo inali ndi mipando isanu monga Hilux, ndi zitseko zinai monga Hilux. Mimba yace ndiyo inali pafupi ndi nthaka, kotero kuti mwala wocepa ukanaboola potengera mafuta a injini. Bamboyo atakana, anamsonyeza minibasi, namuuza kuti iyo ndi yaikulu koposa imene anasungitsa ndipo sadzaonjezerapo ndalama. Ici cinamveka ngati mphatso, koma minibasi yokoka ndi mawilo awiri imamira m'makande msanga koposa ngolo yodzala cimanga.

Bamboyo sanakweze mau. Anapempha mpando, naturutsa pepala lace, nayamba kuwerenga mau ang'ono-ang'ono a kumbuyo amene anthu ambiri sawerenga. Anapeza kuti galimoto yaing'ono siiloledwa kucoka pa tala. Anapezanso kuti inshuwalansi siilipira kanthu ngati kunsi kwa galimoto kwaonongeka, kapena ngati injini yamwa madzi. Akanailandira mwa manyazi, monga ambiri acitira poopa kuoneka obvuta, mlandu wonse wa mseu wa ku Msoro ukanakhala pamutu pace.

"Mai, ine sindikukana galimoto yanu cifukwa ca kunyada," iye anati. "Pepala lanu lomwe likuikana. Ndiitanireni akulu a pano."

Mwambo wa makampani a cilungamo pa nkhani yotere ndi wodziwika. Ngati gulu limene munthu anasungitsa palibe, amampatsa galimoto ya gulu lapamwamba pa mtengo womwewo. Ngati alandira ya gulu lapansi, mtengo utsika ndipo ndalama zotsala zibwezedwa. Ngati palibe imene ingagwire nchito yace, atenga cikole cace conse nakafuna kwina. Si onse amene amayamba okha kuchula zimenezi, ndipo wosafunsa amangopatsidwa makiyi. Amene aona kuti wanyengedwa angathe kukadandaula ku bungwe la Boma loteteza ogula, la Competition and Consumer Protection Commission, logwira nchito pansi pa lamulo la m'caka ca 2010. Koma dandaulo limatenga masiku, ndipo tsiku la opaleshoni linali mkuja.

Mkulu wa kampani anafika, namvetsera, naimba lamya kanai. Kacitatu anayankhidwa kuti zonse ziri ku Nc'wala. Kacinai anapeza mnzace wa nchito yomweyo ku Chipata amene anali ndi vaneti yokoka ndi mawilo onse, yomasuka pa Cinai pokha. Anapangana tero: bamboyo ayende ndi galimoto yaing'ono mpaka ku Katete pa mtengo wa galimoto yaing'ono, ndipo vaneti pamodzi ndi woyendetsa wace idzamtenge pa Katete pa 6 koloko m'mawa, kampani ya ku Lusaka ndiyo idzalipire. Mkuluyo anatambasula dzanja kuti agwirane canza. Bamboyo anagwira canzaco, koma anapemphanso kuti zonse zilembedwe pa pepala lomwe lija, ndi siginecha, ndi cidindo, ndi nambala ya lamya ya woyendetsa vaneti. Mkuluyo anaseka pang'ono, koma analemba.

Asananyamuke anazungulira galimoto pamodzi ndi mnyamata wa pabwalo, najambula ndi lamya yace pali ponse pokalika. Anaona tayala lapadera, jeke, sipanala ya mawilo ndi zizindikiro ziwiri zofiira za ngodya zitatu zimene apolisi a pa mseu amafunsa. Anaonanso mapepala a msonkho wa mseu ndi a inshuwalansi pa galasi la kutsogolo. Dzuwa linali litakwera kale pamene anaturuka mu mzinda.

Kupyola Chongwe nyumba zimacepa ndipo matumba a makala amayamba kuoneka m'mbali mwa mseu. Kupyola Rufunsa dziko limasweka kukhala mapiri okha-okha. Pa Manenekela mseu umakhota-khota pamwamba pa zigwembe zakuya, ndipo malole olemera amatsika pang'ono-pang'ono, mabuleki ali kununkha. M'dzinja mapiri amenewa amabiriwira mpaka pansonga, mitambo iri kukhala pa iwo ngati utsi wa m'munda. Pano galimoto yaing'ono inayenda bwino ndithu, ndipo mai wa pa tebulo sananame za mafuta.

Pa msika wa pa Luangwa Bridge, makilomita oposa 200 kucokera ku Lusaka, mpweya umasanduka wotentha ndi wolemera. Amai amagulitsa nsomba zouma zoyalidwa pa matebulo, ndipo madengu, malicero ndi mphasa zimapacikidwa mizere-mizere. Ulalo wa tsopano, wolenjekeka pa zingwe za citsulo, unatsegulidwa m'caka ca 1968, ndipo ndiwo malire a Cigawo ca Lusaka ndi ca Kum'mawa. Pansi pace Luangwa anali wofiira ndi wodzala, atanyamula mitengo yathunthu kupita nayo ku Zambezi. Bamboyo anayang'ana madziwo nakhala cete, pakuti mvula imene idzaza Luangwa ndi yomweyo imene idzaza timitsinje ta kwao.

Anagula nthoci pa Nyimba, monga acitira ali yense wopita kum'mawa. Anapyola mphambano ya Petauke ndi Sinda, minda ya cimanga iri ndi ngaiyaye mbali zonse ziwiri, nafika pa Katete phiri la Mphangwe litayamba kuda.

M'mawa mwace 6 koloko inakwana, vaneti osaoneka. Inakwana 8 koloko. Apa ndipo nambala yolembedwa pa pepala inagwira nchito, pakuti mkulu wa ku Lusaka sanali kuyankha lamya yace. Woyendetsa vaneti anayankha kuti anauzidwa za pa Cisanu, osati pa Cinai, koma ali kudza. Anafika nthawi itapitirira 10 koloko, munthu wacikulire wobvala jombo za mphira, ndipo kumbuyo kwa vaneti kunali khasu, nkhwangwa ndi cingwe cacikulu. Zida zimenezi siziri pa mndandanda wa kampani iri yonse, koma wodziwa mseu wa ku Malambo sanyamuka popanda izo.

Kucokera pa Katete mseu umalinga kumpoto, nutsika pang'ono-pang'ono kucoka pa mtunda wa Acewa kulowa m'cigwa ca Akunda. Dothi lofiira limatha, nayamba makande akuda amene amabala thonje labwino koma amagwira tayala ngati ulimbo. Mitengo ya tsanya imayamba kuoneka ndipo thukuta limaturuka ngakhale munthu ali khale. Msoro ndi malo akale a Mpingo wa Anglican. Amene anayamba nchito ya misyoni pamenepo ndi wansembe wa Cicewa wocokera ku Nyasaland, Leonard Kamungu, amene anamwalira komweko m'caka ca 1913. Cipatala ca St Francis comwe, cimene cinayamba m'caka ca 1948, cinaphuka kucokera ku nchito ya mpingo umenewu. Tero odwala a ku Msoro akhala ali kukwera mtunda umenewu kupita ku Katete kwa zaka zoposa makumi asanu ndi awiri, ena pa njinga, ena pa ngolo, ena pa msana pa abale ao.

Kawiri konse vaneti inaterereka niyang'ana kumene inacokera. Pa malo ena mizere ya matayala a mathirakitala inali yakuya kufika m'mawondo, ndipo pakati pace panali mtumbira umene ukanakweza galimoto yaing'ono m'mwamba, mawilo ali kuzungulira cabe. Woyendetsa sanalankhule zambiri. Anangoti, "Acimwene, ija ya ku Lusaka ikanagona pano."

Koma nayo vaneti inapeza malire ace. Patatsala makilomita owerengeka kufika pamudzi pali kamtsinje kothira mu Lupande, kamene m'cirimwe ana amakumbamo mcenga kufuna madzi. Tsiku limenelo kanali kukokoma. Woyendetsa anadula ndodo, nabvula jombo, nalowa m'madzi. Atafika pakati madzi anali m'cuuno ndipo mcenga unali kuthawa pansi pa mapazi ace. Anabwerera napukusa mutu. Bamboyo anamcondelera, nachula za opaleshoni, nachulanso ndalama. Mkuluyo anakana ndithu, nati galimoto yokoka ndi mawilo anai si bwato, ndipo injini ikamwa madzi amai sadzafika ku Katete ngakhale pa Sondo.

Anaimika ndodo m'mphepete mwa madzi kuti aone ngati ali kutsika. Mnyamata wina woweta mbuzi anaoloka mosambira kukanena kumudzi. Panapita maola atatu, ndipo madzi anatsika pa ndodo ija ngati utali wa cikhato ca munthu kawiri. Dzuwa litapendeka kunamveka mabelu a ng'ombe kutsidya, ndipo inaturukira ngolo, mlongo wace wa bamboyo ali kuyenda pambali atagwira ambulera. M'ngolomo, pa mphasa, munali amai.

Amuna anai a pamudzi anawakhazika pa mpando wa ndalema, nausenza pa mapewa, naoloka nao pang'ono-pang'ono, wacisanu ali patsogolo ndi ndodo. Nkhalambayo inagwira mpando ndi manja onse awiri, nkhope itayang'ana kumwamba. Atawatsitsa, anafufuza nkhope ya mwana wao ndi zala.

"Mwabwera atate? Nanga galimoto ija munanena pa lamya ndi imeneyi?"

"Si imeneyi amai, koma ndiyo yatifikitsa."

Anafika pa Katete usiku, matope ali mpaka pa magalasi. Pa Cisanu m'mawa amai analowa m'cipatala pa nthawi yace, ndipo vaneti inabwerera ku Chipata kukanyamula anthu a ku Mtenguleni.

Pa Mande bamboyo anabweza galimoto yaing'ono mu Lusaka. Pa tebulo panali munthu wina, osati mai uja, ndipo makina a mu ofesi anaturutsa mtengo wa Hilux wa masiku asanu, osacotsapo ngwee. Kalalikiyo anati iye sadziwa za pangano liri lonse. Bamboyo anapisa dzanja m'thumba la jekete naturutsa pepala lija, lonyowa pa ngodya imodzi ndi madzi a kamtsinje, koma cidindo ndi siginecha ziri kuoneka bwino. Analiyala pa tebulo, napempha mpando. Pabwalo, Hilux imene anasungitsa inali itabwera, ndipo mnyamata anali kuitsuka matope a ku Mtenguleni.