Bulangete pa Chingwe, ndi Basi Yochokera pa Park Station

Mwa mafilimu onse achikondi oseketsa amene anapangidwa ku Hollywood m'zaka za m'ma 1930, ilipo imodzi imene ndimaitenga ngati yathu, ngakhale mulibe Mchewa ndi mmodzi yemwe. Ndikunena It Happened One Night, ya mu 1934, imene Frank Capra anaitsogolera pa kampani ya Columbia. Inapata mphoto zisanu zikuluzikulu za Oscar, koma chimene chimandikoka ine ndi basi.

Ellie Andrews, yemwe anaseweredwa ndi Claudette Colbert, ndi mwana wa mpondamatiki. Wathawa bambo ake ku Miami, ndipo wakwera basi ya usiku kulondola mwamuna wake ku New York, mwamuna amene bambowo sakumufuna. M'basimo akumana ndi Peter Warne, mtolankhani amene wangochotsedwa kumene ntchito, woseweredwa ndi Clark Gable. Ayamba ndi kulimbirana mpando. Chikwama cha mtsikanayo chibedwa, ndalama zichepa, tulo timugwetsera paphewa la mlendo. Abale anga, amene munakhalapo pa Park Station mu Johannesburg, mutatsamira katundu kudikira basi ya ku Blantyre, Lilongwe kapena Lusaka, kodi pali chachilendo apa?

Ine ndauyenda ulendo umenewu kangapo: Musina, mzere wautali wa pa Beitbridge, Masvingo, Harare, Nyamapanda, kuoloka Zambezi pa Tete, Zobue, Mwanza, mpaka kukatsikira pa Wenela, dzina limene likutikumbutsabe agogo athu a kumigodi. Munthu amene wakhala naye mpando umodzi umayamba kumutcha "achimwene" kapena "mayi" mwaulemu wouma. Pofika Harare mwagawana buledi, wakusungirapo chikwama, ndipo ukudziwa dzina la mwana wake wodwala.

Malo amene filimuyi imandigwira mtima ndi pamene mvula yaononga mlatho, basi yaima, ndipo awiriwo, posowa ndalama, agona chipinda chimodzi. Peter amanga chingwe pakati pa mabedi awiri, n'kuyanikapo bulangete, nalitcha linga la Yeriko. Ena amati kumeneku kunali kungozemba lumo la oyang'anira makhalidwe m'mafilimu. Ine ndimaonapo china. Bulangetelo silikanaletsa munthu aliyense. Ngakhale mwana akanaligwetsa. Linaima chifukwa onse awiri analilemekeza, monga mpongozi amapatukira apongozi ake panjira popanda womugwira dzanja. Ndipo chikondi chawo chinakulira kuseri kwa nsalu imeneyo, m'mawu oyankhulidwa mumdima.

Nanga ndani sadziwa kuti katundu woyamba wa munthu wochokera ku Joni ndi bulangete? Lolemera lija, lamaluwa, lotsekeredwa m'chikwama cha pulasitiki. Pa Park Station mumawaona ataunjikana pamodzi ndi zigubu za mafuta ophikira ndi ma TV. Ambiri mwa mabulangete amenewa akupita kwa mkazi amene wagona yekha zaka zitatu ku Mangochi, ku Mzimba kapena ku Katete. Ena amatumizidwa kudzera mwa kondakitala, mwini wake osabwera.

Nkhaniyi yabwerezedwa kambirimbiri. Ku America komweko inatulukanso mu 1945 ngati Eve Knew Her Apples, ndi mu 1956 ngati You Can't Run Away from It, ya Jack Lemmon ndi June Allyson, yomwe kwa ine inachulukitsa nyimbo n'kuchepetsa njala. Amwenye anaimvetsa bwino koposa: Chori Chori ya 1956, ya Raj Kapoor ndi Nargis, kenaka Dil Hai Ke Manta Nahin ya 1991, ya Aamir Khan ndi Pooja Bhatt. Iwo anadziwa kuti bambo wa mtsikana si munthu wongodutsa m'nkhani ya ukwati.

Yathu bwanji sinapangidwe? Aluso tili nawo; Shemu Joyah anaonetsa kale mu The Last Fishing Boat, ya 2012, kuti chikondi cha kwathu chimakwana pa kanema. Ndikuganiza kuti vuto lili pa chiphaso. Ellie akhoza kusochera, kugona pa udzu, kudya karoti wosaphika, ife n'kumaseka, chifukwa tikudziwa kuti bambo ake akumufunafuna ndi ndege, ndipo palibe malire a dziko oti amubweze. Mtsikana wathu akakwera basi kulondola mwamuna, amawerenga masiku amene amudindira m'pasipoti, ndipo mwina akukapeza mkazi wina m'chipinda cha lendi ku Mayfair. Kuti anthu aseke pamenepo, wolembayo ayenera kukhala wolimba mtima kuposa Capra.

Komabe timaseka ndithu m'mabasi amenewa, mwina kuposa m'nyumba zathu. Ndipo mbali imodzi ya filimuyi ingalowe m'Chichewa osasintha kanthu. Bambo a Ellie analonjeza madola 10,000 kwa amene angapeze mwana wawo. Peter atafika kwa iwo, akana chuma chonsecho, n'kutulutsa kapepala ka zimene anagwiritsa ntchito panjira: madola 39 ndi masenti 60. Mkuluyo pomwepo azindikira kuti mkamwini weniweni ndi ameneyu. Ndikutha kuwaona ankhoswe a kwathu atakhala pamphasa, akupatsirana kapepala kameneko, wina akufunsa ngati mtengo wa buledi wa pa Beitbridge walembedwamo.