Maliro Enieni a Gulu Lochita Kupanga

Davy Jones adamwalira pa 29 Febuluwale 2012, tsiku lija kalendala imangotibwereka kamodzi pa zaka zinayi. Adali ndi zaka 66. M'mawa umenewo adapita kukaona akavalo ake ku Indiantown, m'chigawo cha Florida, ndipo mtima udayamba kumuvuta ali komweko. Adathamangira naye kuchipatala cha ku Stuart koma sizidathandize. Ndawerengapo nkhani zambiri zolengeza imfa yakeyi, ndipo pafupifupi iliyonse, ikangotha kunena kuti malemuyu adali woyimba wa gulu la The Monkees, imafulumira kuwonjezera kuti gululo lidali lochita kupangidwa ndi a wailesi ya kanema. Munthu thupi lisanazizire n'komwe, atolankhani anzanga ayamba kale kumufunsa ziphaso.

Kuti lidachita kupangidwa, palibe angatsutse. Mu Seputembala 1965, Bob Rafelson ndi Bert Schneider adaika chilengezo m'nyuzipepala za ku Hollywood chofuna anyamata anayi opulupudza, a zaka 17 mpaka 21, oti adzasewere m'sewero la pa kanema. Kudabwera anyamata 437. Filimu ya The Beatles ya mu 1964, A Hard Day's Night, idali itaonetsa mabwana a makampani kuti anyamata a tsitsi lalitali othamangathamanga ndi magitala ndi ndalama, tsono aliyense ankafuna akeake. Seweroli lidali la anyamata anayi osauka okhala m'nyumba imodzi m'mbali mwa nyanja, olakalaka kutchuka koma osatchuka. Micky Dolenz, amene adayamba zisudzo ali mwana mu Circus Boy, adamukhazika pa ng'oma zimene adali asanaziyimbepo. Michael Nesmith adachokera ku Texas ndi kachipewa kake kaubweya ndi nyimbo zopeka yekha. Peter Tork ankayimba m'timalo tomwera khofi ku Greenwich Village, ndipo amene adamulozera ntchitoyi ndi mnzake Stephen Stills. Jones, mwana wa ku Manchester, wamfupi, amene adaphunzirapo kukwera akavalo a mpikisano ku Newmarket, adali kale pa kontirakiti ndi kampaniyo. Anyamata anayi ochokera m'midzi inayi, osadziwana, n'kuwauza kuti kuyambira lero ndinu pachibale.

Nyimbo zidali m'manja mwa Don Kirshner, mkulu amene ankaweta olemba nyimbo monga mmene ena amawetera nkhuku zoikira. Tommy Boyce ndi Bobby Hart adalemba Last Train to Clarksville, imene idatuluka seweroli lisanayambe n'komwe kuonetsedwa pa NBC pa 12 Seputembala 1966. Neil Diamond adapereka I'm a Believer, imene idakhala pa nambala 1 ku America milungu 7. Carole King ndi Gerry Goffin adapereka Pleasant Valley Sunday. Zida zinkayimbidwa ndi akatswiri aganyu a m'masitudiyo, anyamatawo n'kumangobwera kudzaikapo mawu. Pa zikuto za zimbale zoyambirira aganyu aja sadatchulidwe. Nkhaniyi itaululika, onyoza adawapatsa dzina loti Prefab Four, kutanthauza anayi obwera opangiratu kufakitale ngati nyumba zija zongolumikiza, powasiyanitsa ndi The Beatles amene ankatchedwa Fab Four.

Komatu apa pali kukondera. Aganyu a ku Los Angeles omwewo ndi amene adayimba zida pa chimbale cha Pet Sounds cha The Beach Boys, ndipo pa nyimbo yoyamba kutchuka ya The Byrds, Mr. Tambourine Man, mwini gulu amene adagwira chida ndi mmodzi yekha, Roger McGuinn. Amenewa sadazengedwe mlandu. A Monkees adalakwa poonekera pa kanema madzulo a Lolemba, nthawi imene ana amakhala asanagone, ndiponso pokondedwa ndi atsikana a zaka 12, amene olemba za nyimbo sadawayesepo anthu odziwa kumva.

Nkhani imeneyi imandikhudza pamimba, chifukwa ineyo ndine waganyu wa mawu. Ndakatulo zanga zosainidwa ndi dzina langa sizinandigulirepo ngakhale thumba la makala. Chimandidyetsa ndi kulembera ena: zolankhula za mabwana pa misonkhano, ndakatulo za pa ukwati, mbiri ya malemu yoti mwana wamkulu akawerenge kumanda. Ndimaima kumbuyo kwa tenti n'kumamva anthu akuombera m'manja chiganizo chimene chidandigoneka 2 koloko ya usiku, bwana akugwedeza mutu ngati wachitola m'mtima mwake. Mukadayembekeza kuti ndikhala kumbali ya oyimba zida osatchulidwa aja, ndipo ndili komweko ndithu. Kubisa dzina la munthu amene wagwira ntchito ndi kuba, kaya wamulipira kaya ayi. Koma ntchito yomweyi yandionetsanso china. Ndaonapo ndakatulo yabwino ikufera m'kamwa mwa wowerenga wosasamala. Ndaonaponso mizere wamba, yolembedwa mothamanga chifukwa cha ngongole, ikuwerengedwa ndi mayi wina pamaliro a mchimwene wake mpaka ine mwini wake kuyamba kufunafuna kansalu m'thumba. Zimene adachita mayiyo sizidali papepala langa. Wolemba amapereka ufa, wophika ndi wina, ndipo nsima yosapsa sitiimba mlandu chigayo. Neil Diamond adajambulanso yekha I'm a Believer. Mverani yakeyo, kenaka mumvere ya Dolenz, muone ngati mungapitirize kunena kuti mnyamatayo ankangotsegula pakamwa.

Chimene mabwana sadachiyembekeze n'chakuti zidole zawo zikhala ndi ulemu wofuna kuuteteza. Mu Januwale 1967 Kirshner adatulutsa chimbale chachiwiri, More of the Monkees, eni ake osauzidwa, pachikuto pali chithunzi chimene adajambulitsa potsatsa zovala za sitolo ya JCPenney. Pa msonkhano ku Beverly Hills Hotel, atakumbutsidwa kuti adasaina kontirakiti, Nesmith adamenya khoma ndi chibakera mpaka kuliboola. Pasanapite nthawi Kirshner adachotsedwa ntchito, anyamatawo n'kudzitsekera m'situdiyo ndi Chip Douglas, kuyimba okha zida, kulakwitsa, kubwereza, mpaka kutulutsa Headquarters mu Meyi 1967. Si chimbale chosalala ngati ziwiri zoyamba zija. Ng'oma za Dolenz zimamveka kuti ndi za munthu amene akuwerenga m'mtima. Ine ndimachikonda pa chifukwa chomwecho. Chidakhala pa nambala 1 mlungu umodzi, Sgt. Pepper ya The Beatles n'kudzachikankha. Ndipo Kirshner? Adaphunzirapo phunziro lake. Gulu lake lotsatira, The Archies, lidali la zithunzi zojambula pamanja, zimene sizingaboole khoma, ndipo mu 1969 lidagulitsa Sugar, Sugar ngati mandasi.

Zotsatira zidathamanga. Mu Julaye 1967 adatenga Jimi Hendrix kuti aziwatsegulira zoimbaimba, koma atsikana ankangokuwa dzina la Davy, ndipo Hendrix adachoka atangoyimba maulendo ochepa. Seweroli lidalandira mphoto ziwiri za Emmy, n'kutha mu 1968 litaonetsedwa magawo 58. Chaka chomwecho adapanga filimu ya Head, imene Jack Nicholson adathandiza kulemba, yodzinyoza okha kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo anthu sadapite kukaiona. Ndalama zimene Rafelson ndi Schneider adapeza pa anyamatawa ndi zimene zidapangira Easy Rider mu 1969, filimu imene anthu omwe ankanyoza a Monkees adaitamanda kuti ndiyo choonadi chenicheni. Tork adachoka kumapeto kwa 1968, Nesmith mu 1970.

Kuno kwathu kanema adayamba mu 1999, patapita zaka zoposa 30 seweroli litatha, choncho nkhope zawo sizidatifike. Ambiri a msinkhu wanga tidakumana ndi I'm a Believer m'tinyumba toonetsera mavidiyo, kumapeto kwa filimu ya Shrek ya mu 2001, ikuyimbidwa ndi bulu. Tidatuluka tikuing'ung'udza osadziwa kuti ili ndi mbiri, kapena kuti kudali anthu ophunzira amene adakanganirapo ngati nyimboyo ndi yoyenera kuikonda. Mkanganowo udatsala kutsidya kwa nyanja, nyimbo n'kuwoloka yokha.

Tsono titembenukire ku zimene zidachitika Jones atapita, pakuti m'pamene pagona nkhani. Kwa zaka zambiri iyeyu ndi amene ankanyamula dzina la gululi m'mahotela ndi m'mabwalo a zionetsero, makamaka MTV itaonetsanso seweroli mu 1986 n'kuwadzutsa kwa akufa. Mu 2011 adayenda ndi Dolenz ndi Tork pokumbukira zaka 45. Nesmith nthawi zambiri ankakhala patali. Sankasowa ndalama: mayi ake, Bette Nesmith Graham, ndi amene adatulukira Liquid Paper, utoto woyera uja wofufutira zolakwika pa taipi, ndipo chuma chidatsalira iye. Koma mu Novembala 2012, miyezi isanu ndi inayi chimwalirire Jones, Nesmith adakweranso pa nsanja ndi anzake awiri aja. Maliro amaitana ngakhale m'bale amene adaleka kuyankha makalata.

Pa ulendo umenewo padali vuto la nyimbo imodzi, Daydream Believer, imene idafika pa nambala 1 mu Disembala 1967 ndipo mawu ake otsogolera adali a Jones. Kuisiya sikukadatheka, pakuti anthu adalipira kudzamva imeneyo. Kuti wina mwa atatuwo aitenge, kukadakhala ngati kuvala jekete la malemu tsiku loika. Adagwirizana kuti asaiyimbe aliyense wa iwo. Dolenz ankauza anthu kuti nyimboyo tsopano ndi yawo, n'kuitana munthu mmodzi wa m'gulu la oonerera kuti akwere adzatsogolere, holo yonse n'kumavomera.

Ndaziona pa intaneti kangapo. Oitanidwawo ena mawu amanjenjemera, ena amayamba msanga, ena amaphonya. Ndipo taganizani za mwini nyimboyi. Adailemba John Stewart, amene kale adali wa Kingston Trio, ndipo adamwalira mu 2008. A kampani adasinthamo liwu limodzi iye asakufuna. Adaiyimba mnyamata wolembedwa ntchito ya zisudzo. Palibe ndi mmodzi yemwe pa mndandandawu amene anganene kuti ndi yake yonse. Koma pamene mawu a Jones ankayenera kulowa padali dzenje, ndipo aliyense m'holomo ankalimva. Amene adagonapo pa siwa akudziwa chimene ndikunena. Pa mudzi pamakhala mayi mmodzi amene amayambitsa nyimbo inayake, ndipo palibe adafunsapo kuti adaipeka ndani. Tsiku limene mayiyo ndiye wagona m'bokosi, nyimbo ija ikafika pamakhala kachetechete wa kamphindi, amayi akuyang'anana kuti ayambe ndani. Kachetechete ameneyo sapangidwa kufakitale.

Sindikuti zonse zidali zoyera. Imfa imagulitsa matikiti, ndipo dzina la The Monkees pamodzi ndi nyimbo zawo ndi katundu amene kampani ya Rhino idagula mu 1994. Mu 2016, pokumbukira zaka 50, kudatuluka chimbale cha Good Times!, chimene adachikonza ndi Adam Schlesinger. Kuti Jones asasowepo, adafukula tepi yakale ya nyimbo ya Neil Diamond, Love to Love, n'kuwonjezerapo mawu a Dolenz ndi Tork. Ena adalira ndi chimwemwe. Ine zimandisautsa pang'ono. Munthu amene moyo wake wonse ankauzidwa poima ndi choyimba, wamwalira, akumuimikabe pamzere osamufunsa. Koma pa chimbale chomwecho pali Me & Magdalena, yolembedwa ndi Ben Gibbard, imene Nesmith ndi Dolenz, nkhalamba za zaka zoposa 70, akuyimba motsitsa, mawu awo atatsamirana. Kwa ine palibe nyimbo ina ya gululi yoposa imeneyi, ndipo idabwera patatha theka la zaka 100 chiwalembereni ntchito. Olemba ena pa chimbalechi adali Noel Gallagher, Paul Weller, Rivers Cuomo ndi Andy Partridge, anthu a mayina awoawo, amene palibe Kirshner adawatsekera m'kachipinda kuti alembe.

Pali kankhani kena kamene atolankhani tiyenera kumauzana tikakhala pa mowa. Mudzawerenga m'malo ambiri kuti mu 1967 a Monkees adagulitsa zimbale zambiri kuposa The Beatles ndi The Rolling Stones kuphatikiza pamodzi. M'buku lake la mu 2017, Infinite Tuesday, Nesmith adaulula kuti adangozipeka yekha pocheza ndi mtolankhani wina ku Australia mu 1977, pofuna kuona ngati zisindikizidwe. Zidasindikizidwa, ndipo zakhala zikukoperedwa kuchokera pamenepo. Anthu a ntchito yathu, amene adatha zaka akuwatcha anyamatawa abodza, adameza bodza lenilenilo osatafuna. Choona n'chakuti zimbale zawo zinayi zidakhalapo pa nambala 1 m'chaka chimodzi cha 1967, ndipo chimenecho chidali chokwanira popanda kuthira mchere.

Peter Tork adamwalira ndi khansa pa 21 Febuluwale 2019 ali ndi zaka 77. Nesmith ndi Dolenz adayendabe awiri, mpaka pa 14 Novembala 2021 pamene adatsazika ku Greek Theatre mu Los Angeles. Pa 10 Disembala Nesmith adamwalira ali ndi zaka 78, gululi lisanalandiridwe ku Rock and Roll Hall of Fame, nyumba ija imene amasungiramo mayina a oyimba amene akuluakulu adawavomereza.

Dolenz atatsala yekha adachita chinthu chimene sindidachiyembekeze kwa munthu wa zaka 77. Mu 2022 adasumira FBI kukhoti kuti imupatse zonse zimene idalemba zokhudza gululi. Mbali ina ya faeloyo idali itatulutsidwa kale mu 2011, mizere yambiri itadetsedwa ndi inki. Zimene zikuwerengeka zikusonyeza kuti mu 1967 kazitape wina adakhala nawo pa zoimbaimba zawo, pakati pa atsikana okuwa aja, n'kukanena kwa mabwana ake kuti zithunzi zimene zinkaonetsedwa kumbuyo kwa oyimbawo, za zipolowe ndi za nkhondo ya ku Vietnam, zidali ndi uthenga wobisika wa ndale.