Chikho cha Shuga



Sabata ino tikamba za keke. Ena mwa inu museka, poti munazolowera kuti ife tikatsegula pakamwa ndiye kuti ndi za masakramenti. Pirirani nafe, pakuti nkhaniyi ikathera komweko, ndipo pofika kumeneko mudzaona kuti woyamba kulakwa tinali ife.

Ambiri mukumudziwa mlongo wathu wa m'kwaya amene amaphika makeke. Watilola kufotokoza nkhaniyi, koma dzina lake tisunga. Ntchitoyi anaiphunzira ku Lilongwe kwa azakhali ake, ndipo zina wakhala akutola poonera makanema pa foni. Makeke ake si ozungulira aja tinazolowera pa maukwati. Iye amawasema. Anapangapo keke yonga minibasi, ina yonga mpira, ina yonga Mickey Mouse ndi makutu ake omwe. Koma imene inamutchukitsa pano pa Lizulu inali ya kabichi. Taganizani, pamalo pamene kabichi amaunjikidwa m'mbali mwa msewu wa M1 kuyambira m'mawa mpaka usiku, pamene anthu a mbali zonse ziwiri za msewu, a kuno ndi a ku Mozambique, amadziwa kabichi wabwino asanamugwire n'komwe, mayi wina wamalonda anatambasula manja kuti amve kulemera kwake, ndipo chala chake chinalowa m'kati. Anafuula, kenaka ananyambita chalacho. Tinalipo, ndipo tinaseka mpaka kupweteka nthiti.

Tinakhalapo tsiku lina n'kumaonerera mmene amagwirira ntchito, ndipo tinachokapo ndi ulemu. Keke yoti isemedwe siyenera kukhala yofewa kwambiri, chifukwa imanyenyeka pa mpeni. Amaphika zingapo zolimbirako, n'kuzisiya zigone kuti zizizire bwino. Mawa lake amazisanjikiza, n'kumata pakati pake ndi majarini wotakasa ndi shuga wosalala. Ikakhala yaitali amabayamo timitengo kuti zapamwamba zisaphwanye zapansi. Ndiye amatenga mpeni wa mano n'kuyamba kusenga pang'onopang'ono, monga achitira wosema mtondo, podziwa kuti chimene wachotsa sichibwereranso. Akatha amapaka kirimu wopyapyala wogwira nyenyeswa, n'kudikira aume, n'kupakanso. Pomaliza penipeni m'pamene amayala chimene amachitcha fondant, chikanda cha shuga wosalala, jelatini ndi gulukosi, chimene amachifulula ngati chapati n'kuchivundikira pa keke yonse monga nsalu. Masamba a kabichi uja anawadinda pa tsamba lenileni la kabichi kuti mitsempha yake ioneke.

Magetsi akazima amayatsa mbaula, n'kuika mchenga pansi pa sefuliya yaikulu ndi makala pa chivundikiro, monga momwe amayi athu amaphikira chigumu. Akuti kuzizira kwa kuno m'miyezi ya Juni ndi Julaye n'kwabwino pa ntchito yake, chifukwa kirimu amagwira msanga, koma nkhungu ndi mdani, poti shuga amakoka chinyezi ndipo keke imayamba kutuluka thukuta. Kutentha kwa mu Okutobala ndiye amakuopa kwenikweni. Kuyambira pamene ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zipangizo zake, zimene zambiri zimachokera kunja, zinakwera mtengo kotero kuti akalakwitsa keke imodzi phindu la mwezi limapita.

Musaganize kuti lusoli n'lachilendo mu Mpingo. Ku Palermo, pa chilumba cha Sicily, masisitere a nyumba ya Martorana anatchuka ndi zipatso zoumba ndi phala la mtedza wa almond ndi shuga, zofanana ndi malalanje ndi mandimu enieni, ndipo mpaka lero anthu kumeneko amapatsa ana zipatso zoterezi pa 2 Novembala, tsiku lokumbukira mizimu ya okhulupirira onse. Ku Germany, ku Alsace ndi ku Czech Republic mabanja amaphika keke yonga mwana wa nkhosa pa Pasaka. Koma tisabise, m'Malembo Oyera makeke a chifaniziro amatchulidwa moipa. M'buku la Yeremiya, mutu 44, amayi a ku Yuda amene anathawira ku Ejipito ankaphika makeke okhala ndi chithunzi cha mulungu wachikazi wotchedwa mfumukazi ya kumwamba, ndipo mneneri anawadzudzula. Vuto silinali ufa kapena luso la manja awo. Vuto linali chimene keke ija inkanena kwa woidya.

Tsono tifike pa mlandu wathu.

Ana athu a chaka chino anayenera kulandira Ukaristia koyamba pa chaka cha Thupi ndi Magazi a Ambuye. Makolo anasonkha ndalama kudzera m'miphakati kuti Misa ikatha pakhale kachikondwerero, ndipo anapempha mlongo wathuyo kuti apange keke. Iye anatipeza titangotuluka m'kalasi la katekisimu, choko chili m'manja, ana akuthamangitsana pabwalo. Anationetsa chithunzi pa foni: keke yonga chikho cha pa Misa, chagolide, ndipo pamwamba pake paima chozungulira choyera chonga ostiya, cholembedwa zilembo za IHS.

"Aphunzitsi, mukuiona bwanji imeneyi?"

"Yakongola zedi, achemwali," tinayankha motero, maso ali kwa ana awiri amene ankalimbirana mpira. Tinagwedeza mutu, iye n'kumapita.

Panapita masiku asanu. Loweruka tinali kubwereza ndi ana funso limene timabwereza chaka ndi chaka, lakuti kodi chimene mudzalandire n'chiyani. Anayankha bwino onse pamodzi, monga mwa chizolowezi. Kenaka kamnyamata kena ka zaka zisanu ndi zitatu, kamene kanamva kwa amake za kekeyo, kanakweza dzanja n'kufunsa kuti: kodi ostiya ya pa keke ija adzalandira ndani, poti ndi yaikulu kuposa zinazo, ndipo kodi munthu akalandira ija ndiye kuti walandira kawiri?

Tinazizidwa nkhongono. Mwanayo sankachita chipongwe. Ankafunsa moona mtima.

Mu 1910 Papa Pius X analamula kuti ana azilandira Ukaristia akafika msinkhu wozindikira, cha m'ma zaka zisanu ndi ziwiri. Sanafune kuti mwana adziwe zonse za chiphunzitso. Chachikulu chimene anafuna n'chakuti mwanayo athe kusiyanitsa Mkate wa Ukaristia ndi mkate wamba. Ntchito yonse imene timagwira ndi anawa kwa miyezi yambiri yagona pamenepo. Ndipo ife, amene tinapatsidwa udindo wophunzitsa kusiyanitsako, tinali titavomereza ndi mutu kuti pa tsiku lomwelo, patangopita ola limodzi, anawo aimenso pa mzere, atambasule manja, alandire chinthu choyera chozungulira cholembedwa dzina la Yesu, n'kuchiika m'kamwa.

Ku seminale anatiphunzitsa kulekanitsa zinthu ziwiri: chimene chinthu chili, ndi mmene chikuonekera. Tinkaloweza za Thomas Aquinas ndi za Msonkhano wa ku Trent wa mu 1551 kuti tikhoze mayeso, osadziwa kuti tsiku lina kabichi wa shuga adzatifotokozera bwino koposa mabuku. Keke yosema imasintha maonekedwe, koma m'kati imakhalabe keke. Maso amati kabichi, mpeni ukalowa choonadi chimatuluka, ndipo anthu amaseka chifukwa anyengedwa mokoma. Pa guwa zimachitika mosemphana ndi zimenezi. Maonekedwe sasintha ngakhale pang'ono. Mtundu, kulemera ndi kakomedwe zimakhala za mkate, koma chimene chili pamenepo si mkatenso, ndi Khristu mwini. Palibe mpeni umene ungatsimikize zimenezi. N'chifukwa chake Mpingo umaumirira kuti mkate wa pa Misa ukhale wosakometsera, wa ufa wa tirigu ndi madzi basi, wopanda chofufumitsa. Chikalata cha Redemptionis Sacramentum cha mu 2004 chimanena poyera kuti kuthiramo shuga, uchi kapena zipatso ndi kulakwa kwakukulu. Ostiya siyesa kukopa diso kapena lilime. Tsono tikaika pambali pake ina yaikulu, yowala, yotsekemera, mwana wa zaka zisanu ndi zitatu adzakumbukira iti?

Madzulo omwewo tinapita kwawo kwa mlongo wathuyo. Tinampeza atagula kale zonse. Kabotolo ka utoto wagolide anachita kuitanitsa ku Lilongwe. Chozungulira choyera chija anali atachiumba kale kuti chiume ndi kulimba, ndipo chinali pa thebulo, chovundikiridwa ndi kansalu. Tinafotokoza, mwina motalikitsa monga mwa matenda athu. Anamvetsera mpaka tinatha.

"Aphunzitsi, bwanji simunanene Lolemba lija?"

Tinalibe yankho loposa kupepesa.

Koma sanalekere pamenepo, ndipo apa m'pamene tikufuna mumve bwino, chifukwa mafunso ake anali olemera kuposa mayankho athu. Anati nanga chifaniziro cha Amayi Maria cha m'tchalitchi si choumba ndi manja? Nanga ku Mua, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a Kungoni mu 1976, amisiri sasema Yesu pa mtengo, ndipo ansembe amadalitsa? Chifukwa chiyani wosema mtengo akutumikira Mulungu, koma wosema keke akulakwa? Kapena n'chifukwa choti ntchito yake ndi ya kukhitchini?

Funso lomalizali linatibaya. Tinayankha kuti luso lake silichepa pa la amisiri a ku Mua, ndipo timakhulupiriradi zimenezo. Kusiyana kwake n'kwakuti chifaniziro cha mtengo palibe amachidya, ndipo palibe mwana angachisokoneze ndi sakramenti. Chimaima patali n'kumaloza kwina. Koma keke imalowa pa khomo lomwelo limene Ukaristia umalowera, m'dzanja ndi m'kamwa. Pofuna kumuthandiza, tinamuuza za keke ya mwana wa nkhosa ya ku Ulaya ija, kuti mwina apange imeneyo.

Anatiyang'ana, n'kuseka koyamba madzulo amenewo. "Ndiye Mwanawankhosa wa Mulungu tikamudule khosi ndi mpeni pamaso pa ana? Mutu adye ndani, abambo mfumu?"

Tinavomera kuti watigwira. Akhristu a ku Germany anakula ndi mwambo umenewo ndipo suwapunthwitsa, koma ana athu amene amaona mbuzi zikuzingidwa pa msika akanaona china. Zimene zili zabwino ku Alsace sizifika pa Lizulu zili chimodzimodzi.

Sitikunena kuti aliyense amene anapangapo keke ya chikho anachimwa. Zithunzi zake zadzaza pa intaneti, zopangidwa ndi mabanja opemphera bwino, ndipo sitikudziwa lamulo la Mpingo loletsa zimenezi mwachindunji. Tinafunsa abambo mfumu, ndipo anati nkhaniyo ili m'manja mwathu poti ana timawadziwa ndife. Tinaweruza monga tinaonera pa ana athu, m'chaka chino, titamva funso la kamnyamata kaja. Mwina mkatekisiti wina akanalola keke ya chikho n'kuigwiritsa ntchito pophunzitsa. Ife tinaopa.

Nzeru ya chimene chinapangidwa inachokera kwa mwini ntchito, osati kwa ife. Anati apanga dengu, longa madengu a nsungwi amene amayi amasenzera tomato popita ku msika, ndipo m'katimo muzikhala mikate isanu ndi nsomba ziwiri. Anakumbutsa kuti mu Uthenga Wabwino wa Yohane, mutu 6, amene anabweretsa chakudya chimenecho anali mwana. Tinachita manyazi kuti ife a ku seminale sitinaganizeko. Anagwira ntchito mausiku awiri. Nsungwi za dengu anaziluka ndi timizere ta fondant, kamodzikamodzi, kudutsitsa pansi ndi pamwamba monga alukira eni ake. Nsomba anazipanga chambo. Chozungulira choyera chija anachiphwanya, n'kuchipera, n'kuchisakaniza mu shuga wa mamba a nsombazo.

Pa tsikulo kunazizira, ndipo dengu linafika pa holo lili chilili. Ana anatuluka m'tchalitchi atavala zoyera, ena nsapato zobwereka zikuwakulira. Anaunjikana pa thebulo. Agogo ena anafunsa kuti chambo chimenechi chagulidwa kuti m'nyengo yozizira chonchi, ndipo kamnyamata kathu kaja kanawayankha mokweza kuti, "Agogo, imeneyo ndi keke chabe!" Kanadya mchira wa nsomba ndi chidutswa cha dengu, n'kupempha china.

Ndalama imene makolo anasonkha sinakwanire kubweza zonse zimene mlongo wathu anawononga pa keke yoyamba ija. Tinamuuza kuti utoto wagolide tilipira ndife, popeza mutu umene unagwedezeka Lolemba lija unali wathu. Anakana kawiri, kachitatu anati tidzampatse ikatha mbatata ya kudimba. Kabotoloko kadakali pa shelefu yake, kosatsegula. Akuti pali ukwati mu Seputembala umene akufuna keke yonga mphete ziwiri.