Ndidabisa nsapato za mwana wanga m'chigafa

Ine ndine bambo wa ana anayi, mlimi wa fodya ndi soya kuno kumapiri a Ntchisi. Lero ndati ndiulule kulakwa kwanga, mwina makolo anzanga mungatolepo kanthu.

Mwana wanga wachiwiri, wamkazi, adayamba kumenya chikulunga ali ndi zaka 7, pamodzi ndi alongo ake kobusa mbuzi. Tinkangoseka. Koma atatha msinkhu, kuseka kudatha. Amayi pachitsime adayamba manong'onong'o kuti mtsikana wothamanga atavala kabudula sapeza banja, ena amvekere mpira umaumitsa chiberekero. Ndidachita manyazi. Aphunzitsi atamusankha m'timu ya atsikana yokasewera ku Mponela, m'boma la Dowa, ndidakanitsitsa, ndipo nsapato zomwe adabwereka kwa mnzake ndidazibisa m'chigafa.

Adapitabe chapansi, pamatola, popanda wamkulu aliyense wapakhomo pathu. Adabwerako usiku, chala chakuphazi chikuchucha magazi. Nditatenga mkwapulo, atsibweni ake adandigwira mkono. "Alamu," adatero, "mpirawu simungamuletse. Chomwe mwakwanitsa n'choti azipita mozemba. Nanga akakumana ndi zoopsa kumeneko, adzauza ndani?"

Usiku umenewo tulo sindidatione. Ndidakumbukira nkhani ya Tabitha Chawinga, yemwe adabadwa mu 1996 ku Rumphi. Nayenso adayamba kusewera ndi anyamata kumudzi, makolo ake asakufuna. Akadali kamtsikana adapita ku Lilongwe kukasewera m'timu ya DD Sunshine, ndipo mu 2014 adapita ku Sweden. Mu 2017 adagoletsa zigoli zambiri kuposa aliyense m'ligi yaikulu ya dzikolo, n'kudzachitanso chimodzimodzi ku Italy mu 2023 ali ku Inter Milan. Mng'ono wake Temwa adathandiza timu ya Scorchers kutenga chikho cha Cosafa mu 2023, ndipo mu 2024 adagoletsa zigoli 20 m'ligi ya ku America.

Koma chomwe chidandilasa mtima si zigolizo ayi. Mu 2021 Tabitha adaulula kuti ali wamng'ono adavulidwapo pabwalo, anthu akufuna kuona ngati ndi mkazidi. Ndidadzifunsa: zoterezi zitamugwera mwana wanga ku Mponela, akadalirira kwa yani, poti bambo wake ndi amene adabisa nsapato?

M'mawa ndidazitulutsa ndekha. Mayi ake adakafunsa anamwino kusikelo za chiberekero chija, ndipo adawauza kuti ndi bodza lamkunkhuniza. Kenaka tidakhala pansi ndi mwanayo n'kupangana. Ulendo uliwonse wa timu, pazikhala mayi wamkulu amene tikumudziwa. Mphunzitsi wa timu tizimudziwa nkhope, dzina ndi kwawo. Masewero akhale oti dzuwa lisanalowe ali pakhomo. Akalephera mayeso, mpira uyambe waima. Ndipo aliyense wobwera ndi malonjezo oti amupezera timu kutauni kapena kunja, ayambe waonana ndi ife komanso atsibweni ake, osati kumangomuimbira foni mwanayo.

Makolo anzanga, makamaka inu amene mwangolowa kumene m'banja, sindikunena kuti mtsikana aliyense adzakhala Tabitha. Ambiri adzathera pabwalo la sukulu, ndipo palibe cholakwika. Koma mwana amene mwamuletsa zimene amakonda amaphunzira kukubisirani, ndipo wozolowera kubisa za mpira adzabisanso zikuluzikulu. M'mera mpoyamba.

Pano ali Fomu 2, amasewera kutsogolo. Nditagulitsa soya ndidamugulira nsapato zakezake pakaunjika. Loweruka lapitali adagoletsa chigoli, mayi ake n'kuimba nthungululu mpaka mpango kugwa. Pobwerera adandiuza yekha za bambo wina amene wakhala akumupempha nambala ya foni akamachoka kubwalo. Mawa ndikukaonana ndi ahedi.