Malipenga a m'ngodya ku Elkhart

Tidanyamuka ku South Bend cha m'ma 2 koloko masana, chipale chofewa chili mbuu m'mbali mwa msewu. Ankayendetsa ndi achemwali. Akhala ku Indiana zaka zambiri, monga Amalawi ena ochuluka amene adakhazikika ku South Bend, ndipo ntchito yawo ndi yosamalira okalamba m'makomo. Loweruka limenelo sadali pa ntchito, koma adati tikazonde Agogo, bambo wachizungu amene mkazi wawo adatsirizikira m'manja mwa achemwaliwo.

"Ukakangomva zimene zili m'nyumba mwawo," adatero akukhota, "kawailesi kako kaja ukakataya kudzala."

Elkhart ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 25 chakum'mawa, m'mphepete mwa mtsinje wa St. Joseph. Ndi tauni yodziwika ndi zinthu ziwiri: magalimoto okhala ndi chipinda chogona ndi khitchini mkati, komanso zoimbira za mkuwa, zamtundu umene timaona ndi bandi ya apolisi kwathu. Makampani a Conn, Martin ndi Bach onse adasulirapo malipenga kuno. Agogo adagwira ntchito mu imodzi ya fakitale zimenezi zaka zoposa 30, akupukuta kukamwa kwa malipenga mpaka kuwala ngati kalilole. Zala zawo zidapindika, ndipo pondipatsa moni dzanja lawo lidali lokhakhala ngati la mlimi wa fodya.

Tidavula nsapato pakhomo. Khitchini idali yaing'ono, ikununkhira khofi. M'kanjira kopita ku balaza ndidaona felemu ya chitseko yopanda chitseko, pakati pake atatsekapo ndi matabwa n'kupaka penti. Ndidafunsa ngati padachitika ngozi.

"Ayi," adaseka Agogo. "Chitseko chimenechi chinkandidyera ngodya. Ndidachitseka sabata imene ndidagula nyumbayi. Mayi sadandilankhule masiku atatu."

M'balaza mudalibe TV. Pakati padali mpando umodzi wachikopa, wothetheka m'mikono, ndipo sofa adaikankhira kumbuyo ngati mlendo wosaitanidwa. Ndidayang'ana uku ndi uku kufuna masipika amene achemwali ankawatama aja, osawaona. Ndidangoona makabati awiri amatabwa ofiirira, ina kungodya ya kumanzere, ina ya kumanja, iliyonse yondifika pachifuwa. Kutsogolo kwake kudali thabwa losalala, lopanda chitseko, lopanda chogwirira, lopanda bowo. Pamwamba pokha ndi pamene padali kansalu kakuda.

"Ndi amenewo," adatero achemwali pondinong'oneza.

Dzina lake ndi Klipschorn. A Agogo ndi a m'ma 1970, ndipo iliyonse imalemera makilogalamu oposa 70. Amene adawapanga, Paul Klipsch, adabadwira mu Elkhart momwemu mu 1904, koma ntchitoyo adakaiyambira kutali, ku Hope m'chigawo cha Arkansas, kumene adatumizidwa ngati msilikali pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Mu 1946, chaka chimene Bill Clinton adabadwa m'tauni yomweyo, Klipsch adayamba kukhoma masipikawa m'kashedi ka malata. Mpaka lero akupangidwabe ku Hope komweko, ndipo kapangidwe kake ka mkati sikadasinthe kwenikweni.

Ndidawauza Agogo mosabisa kuti kwathu sipika ya lipenga timaidziwa, koma sitiilowetsa m'nyumba. Timaiona pamwamba pa mzikiti, pa galimoto yolengeza msonkhano wa chipani, pa mtengo wa mango tsiku la maliro a munthu wotchuka. Ntchito yake ndi kukuwa. Ukaima pafupi, makutu amalira mpaka madzulo.

Sadandiyankhe. Adatsegula dirowa n'kutulutsa kachitsulo kamene woimba lipenga amaika pamilomo, kokhakokha. Adauzira. Kadangoti pwii, ngati bakha wachimfine. Kenako adatenga lipenga lakale limene lidapachikidwa pakhoma, n'kulumikiza kachitsulo kaja, n'kuuziranso. Balaza lonse lidadzaza, mpaka galasi la pazenera lidanjenjemera.

"Mpweya ndi womwewo," adatero akupuma mwabefu. "Milomo ndi yomweyo. Sindidawonjezere mphamvu. Lipenga langothandiza kuti mphamvu yanga isatayike."

Apo ndidakumbukira anyamata a gule wa malipenga ku Nkhata Bay, momwe chikho chachitali chimasandutsira kung'ung'udza kwa munthu mmodzi kukhala mawu omveka tsidya la bwalo. Nzeru yake ndi imodzimodzi. Kachimbale ka pepala kamene kamanjenjemera mu sipika ndi kolemera, pamene mpweya ndi wopepuka. Sipika wamba ikamakankha mpweya zimakhala ngati kupalasa bwato ndi kamtengo: dzanja likugwira ntchito, madzi akungolambalala. Lipenga ndiye nkhafi. Limayamba mopanikiza pakhosi, n'kumakula pang'onopang'ono mpaka kukamwa, ndipo kachimbale kaja kamapeza pogwira. Mu sipika wamba, pa magawo 100 a magetsi olowamo, osanduka mawu nthawi zambiri sapitirira gawo limodzi. Otsalawo amangotenthetsa waya. Masipika a Agogo akapatsidwa wati imodzi amatulutsa madesibelo 104 munthu ataima mita imodzi patsogolo pake. Sipika wamba ya madesibelo 87 ingafune mawati 50 kuti ifike pamenepo.

Adandipatsa tochi n'kundiuza kuti ndigwade pambali pa kabati ya kumanzere. Ndidasuzumira pampata wa pakati pa thabwa ndi khoma. Kumbuyo kudalibe thabwa lotseka. M'malo mwake mudali tinjira tamatabwa topendekeka, tokhotera kumbuyo, ndipo m'mphepete Agogo adamatamo thovu lija amakutira mapaipi a madzi, kuti mpweya usapulumukire pena. Ngakhale kathabwa ka m'munsi mwa khoma adakazula kuti kabatiyo ikhale thithithi m'ngodya.

Chinsinsi chonse chili pamenepa. Mawu a besi ndi aatali. Chingwe chokhuthala kwambiri cha besi yaikulu ya jazi chimanjenjemera ka 41 pa sekondi, ndipo funde limodzi la mawu amenewo limatalika kupitirira mamita 8. Lipenga lowongoka loti linyamule mawu otere lingafune kukamwa ngati chitseko cha galaja, ndipo palibe mayi angalilole m'balaza. Klipsch adalipinda ngati njoka yodzikulunga mu dengu. Mkatikati mwa kabati, mosaoneka, muli sipika ya masentimita 38. Mawu ake amayamba kupita kutsogolo, n'kugawika pawiri, n'kubwerera kumbuyo, kenako n'kutulukira m'mbali. Akafika pamenepo matabwa atha, koma lipenga silinathe. Makoma awiri ndi pansi ndizo zimalimaliza.

"Ndiye kuti tikukhala mkati mwa sipika?" ndidafunsa.

"Mwakhalamo kuyambira pamene mudalowa," adatero.

Achemwali adaseka n'kunena kuti Klipsch akadafika kwa agogo athu ku Dowa akadabwerera manja ali m'khosi, chifukwa nyumba yawo idali yozungulira, yopanda ngodya ndi imodzi yomwe.

Kuseri kwa kansalu kakuda kuja kuli malipenga ena awiri. Lapakati ndi lachitsulo, lalitali ngati mkono wa munthu, ndipo limayamba ntchito pamene besi yalekezera, cha pa kunjenjemera ka 400 pa sekondi. M'menemo ndimo mumadutsa mawu a munthu, a gitala ndi a lipenga lenileni. Pamwamba pake pali kakang'ono kokwana m'dzanja, ka mawu osongoka monga a zitsulo za woimba ng'oma.

Pa shelefu padali ampulifaya imene Agogo adalumikiza okha. Ndi kabokosi kachitsulo kokhala ndi timababu tagalasi, tofanana ndi ta m'mawailesi akale aja ankayamba atenthera asanalankhule. Mababu ake aakulu ndi a mtundu wa 2A3, a m'ma 1930, ndipo lililonse limatulutsa mawati atatu ndi theka basi. Ndidakumbukira zikwangwani za mawati zikwizikwi zimene zimamatidwa pa masipika a m'mashopu a ku Limbe, ndipo ndidachita manyazi m'malo mwake. Agogo adati malipenga adabadwa chifukwa cha umphawi womwewu wa mawati. Pamene mafilimu adayamba kulankhula cha m'ma 1927, kampani ya Western Electric inkadzaza holo ya anthu mazanamazana ndi ampulifaya ya mawati owerengeka, poika malipenga akuluakulu kuseri kwa chinsalu. Klipsch adangotenga nzeru ya m'holo n'kuipinda kuti ilowe pakhomo la nyumba.

Adandikhazika pa mpando wachikopa uja. Ndidakana kawiri monga mwa ulemu, koma adati pa sofa ndikangomva theka. Atayatsa, tidadikira pang'ono kuti mababu afiire. Ndisanamve nyimbo ndidamva kaphokoso kosalekeza, ngati mvula yowaza pa udzu patali.

"Limenelo ndiye vuto lake loyamba," adatero. "Sabisa kanthu. Ampulifaya ikakhala ndi kachilema, amakaulula."

Adasolola chimbale cha Miles Davis chotchedwa Kind of Blue, chojambulidwa mu 1959 ku New York, mu situdiyo imene kale idali tchalitchi. Adachipukuta ndi kaburashi, n'kutsitsa singano. Kopukusira voliyumu adangokasuntha pang'ono, mwina ngati mulifupi mwa chikhadabo.

Ndinkayembekeza kugwedezeka pachifuwa monga zimakhalira pa ukwati disiko ikayamba. Sizidatero. Piyano ya Bill Evans idalowa mwakachetechete, pamodzi ndi besi ya Paul Chambers. Sindinkangomva kugunda kwa besi. Ndinkamva chala chikukoka chingwe, chingwe chikubwerera, ndi thabwa la besiyo likuyankha. Mawu sankachokera m'makabati aja. Adali pakati, pamene padali khoma lopanda kanthu. Lipenga la Miles Davis litalowa, tsitsi lidandiimirira. Silidali lokweza. Achemwali adayika kapu pa sosala kumbuyo kwanga ndipo ndidamva bwinobwino. Koma lidali ndi m'mphepete mwakuthwa, ndi kampweya kotsogola noti isanatuluke, ngati munthuyo waima pa kapeti ya Agogo.

"Lipenga limenelo ndi Martin Committee," adatero Agogo chapansipansi. "Lidasulidwa m'tauni muno."

Mbali yoyamba ya chimbale idatha palibe amene adalankhulanso. Apo ndi pamene ndidazindikira kuti ukulu wa makabatiwa si wofuna kugonthetsa anthu. Chifukwa lipenga likugwira ntchito yaikulu, kachimbale ka pepala kamangosuntha pang'ono zedi, mwakuti sikatopa ndipo sikapotoza mawu. Woimba akanong'ona, kunong'onako kumafika kwathunthu. Akamenya ng'oma mwadzidzidzi, mphamvu yoti ilumphe ilipo yosungidwa. Mphongo ya ng'ombe ikamakoka ngolo yopanda katundu siimva n'komwe kuti yamangidwa.

Agogo sadabise zofooka zina. Mawu a besi amayenda njira yaitali m'makhonde aja, motero amafika mochedwerapo pang'ono poyerekeza ndi a kalipenga ka pamwamba, ndipo akatswiri ena amadana nazo. Ena amati lipenga lapakati limapangitsa woimba kumveka ngati akulankhulira m'manja ofumbata. Komanso nyumba zambiri zilibe ngodya ziwiri zabwino pa khoma limodzi. Klipschorn idapangidwa nthawi imene sipika imodzi inkakwanira. Zimbale za sitiriyo zitafala kuyambira 1958, aliyense adafunika ziwiri. Pofika nthawiyo Edgar Villchur adali atatulutsa kale, mu 1954, sipika yaing'ono yotsekedwa mbali zonse, yotulutsa besi yakuya bola uipatse mawati ambiri. Mawati atatchipa, anthu adasankha kabokosi ka pa shelefu, malipenga n'kutsalira anthu ouma mutu.

"Ngati ine," adatero. Kenako adatembenukira kwa achemwali. "Mwana wanga, ikani za kwanu zija."

Achemwali adalumikiza foni ndi kachingwe n'kuika nyimbo ya Allan Namoko, woimba wosaona wa ku Thyolo uja. Makabati sadamuchitire chifundo. Kuphwanyika konse kwa tepi imene nyimboyo idakoperedwako kudamveka poyera. Koma mkati mwa phokosolo mudali banjo, waya wake akulira mouma, ng'oma ya chikopa ikugunda kumbuyo, ndi mawu a Namoko osasa, apafupi, ngati tili naye pa msika wa ku Bvumbwe. Nyimbo imeneyi ndaimva kosawerengeka m'maminibasi ndi m'mabawa, koma sindidadziwe kuti ali ndi kachizolowezi kokoka mpweya msanga asanayambe mzere. Achemwali adayang'ana kuzenera nthawi yaitali.

Kunja kudayamba kuda 5 koloko itangopitirira. Agogo adazimitsa ampulifaya, mababu n'kumalira tiki, tiki pozizira. Potiperekeza adatiuza kuti ana awo awapezera malo ku nyumba yosungirako okalamba, ndipo akufuna asamuke chisanu chikatha. Adapitako kale kukaona chipindacho, tepi yoyezera ili m'thumba. Ngodya imodzi ili ndi chitseko cha bafa, inayo ili ndi paipi yotenthetsera m'nyumba.

"Ndawauza kuti ndikuganizabe," adatero, dzanja lili pa felemu ya chitseko chimene adatseka chija.