Katebulo ka Pabalaza Pathu

Nyumba yathu ndi yaing'ono, ndipo pabalaza ndi pomwe timalandirira alendo, kudyera ndiponso kuchongera makope a ana a kumadrasa. Tsiku lina mwana wathu wokwawa anagubuduzira tiyi pa makope 12. Pomwepo tinagwirizana ndi mayi a kunyumba kuti tipeze katebulo kokhala ndi posungira zinthu.

Kumsika maso athu anagwera pa katebulo kagalasi. Koma galasi ndi mwana wokwawa sizikhalira pamodzi. Tinaonanso kena kotsegukira pamwamba ngati bokosi. Kameneka kamalowa zambiri, koma pofuna kutsegula uyenera kuyamba wachotsa makapu onse, ndipo chivundikiro chake chikhoza kupana zala za mwana.

Choncho tinapita kwa kalipentala. Iye anatilangiza matabwa a mlombwa, popeza chiswe sichiwadya msanga ngati a paini. Mtengo wake unali wokwera, motero tinapirira miyezi iwiri tikusunga ndalama m'malo motenga ngongole. Tinamuuza kuti msinkhu wake ukhale masentimita 40, kulingana ndi mipando yathu, makona akhale osasongoka, ndipo aike madilowa awiri.

Panatsala funso limodzi: kodi tiikenso Qur'an m'menemo? Iyayi. Katebuloka n'kotsika, ndipo mlendo amatambasulira miyendo pansi pake. Qur'an inatsala pashelefu yake yapamwamba. M'madilowamo munalowa makope, choko ndi zolembera.

Abale ndi alongo, musanagule yambani mwayeza pabalaza panu, ndipo mudziwiretu zimene mukufuna kusungamo. Kwathu kuno tiyi amatayikabe, koma Alhamdulillah, makope ali ouma.